Ampu ya mavalavu kapena modeller: woimba gitala wa mu Blantyre anyamule chiti?

[Gitala ili m'manja. Pansi pali chiampu chakale, pambali pake kabokosi kakuda.]

Takulandirani anzanga oimba. Tsinzinani kaye, ndiimba kachidutswa kamodzi kawiri.

[Akuimba koyamba, kenako kachiwiri.]

Koyambako mawu atuluka m'chiampu ichi, chomwe tachita kunyamula anthu awiri. Kachiwiriko atuluka m'kabokosi aka kotsanzira ampu, kotchedwa modeller, komwe ndabwera nako m'chikwama pa minibasi kuchokera ku Chilomoni. Ngati simunasiyanitse, makutu anu alibe mlandu. Kungoti mukumvera pa foni, ndipo pasiteji nkhani yake ndi ina.

Suzumirani kumbuyo kuno. Timabotolo tagalasi tikuyaka ngati makala iti ndiwo mavalavu, omwe aja anali m'mawailesi a agogo athu, ofuna atenthe kaye asanalankhule. Tating'onoti, monga 12AX7, timalandira mawu ofooka ochokera ku gitala. Akuluakuluwa, EL34 kapena 6L6, ndiwo amakankha sipika. Chomwe timawakondera n'chakuti amamvera dzanja. Mukakhudza nsambo mofatsa, mawu amatuluka oyera. Mukaikanda mwamphamvu, valavu imafika pothera mphamvu zake, koma m'malo mong'aluka mawu amanenepa, amakhala ndi kamchenga kokoma. Vox AC30 ndi maampu omwe Jim Marshall anayamba kupanga ku London mu 1962, onse anatchuka ndi khalidwe limeneli.

Tsoka lake, kukomako kumabwera ampu ikakwezedwa. AC30 ili ndi mawati 30 okha, koma muikweze mpaka ifike pokoma m'tchalitchi cha ku Ndirande, kwaya yonse imira, ndipo mkulu wa mpingo akupezani nyimbo isanathe. Ampu ina ya mavalavu, Fender Twin Reverb, ili ndi mawati 85, kulemera kwake pafupifupi makilogalamu 30. Kondakitala akulipiritsani mpando wake.

Kabokosi aka ndi kompyuta. Kamasandutsa mawu a gitala kukhala manambala, n'kuwerengera momwe valavu, thiransifoma ndi sipika zikanawasinthira. Kampani ya Line 6 inatulutsa kabokosi kotchedwa POD mu 1998, kofiira kooneka ngati nyemba, ndipo akatswiri ambiri ankakaderera. Mu 2011 kunabwera Kemper, yomwe imamvetsera ampu yeniyeni n'kukopera khalidwe lake. Helix inatsatira mu 2015. Lero magulu akuluakulu a kunja amayenda ndi zoterezi.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amagula modeller, kuimbira shoo imodzi, n'kuigulitsa. Modeller sikupatsani mawu a ampu yomwe ili kumbuyo kwanu ikukuombani mphepo m'miyendo. Imakupatsani mawu a ampu yomwe aiikira maikolofoni patsogolo, ngati momwe gitala imamvekera m'nyimbo yojambula kale. Anthu ovina kutsogolo amamva zomwezo nthawi zonse, ngakhale mutabweretsa ampu ya mavalavu, pakuti pa shoo yaikulu amaika maikolofoni pa sipika yanu n'kupititsa mawu ku mikisa. Yemwe amataya kanthu ndi inuyo woimba.

Zinandichitikira pa ukwati wina ku Limbe. Monita, sipika yomwe oimba timadzimverapo pasiteji, inali imodzi, tikugawana ndi wa kiyibodi. Gitala yanga sindinkaimva, ndiye ndinkangokanda mwamphamvu mpaka nsambo inaduka. Titamaliza, anthu akuti gitala inamveka bwino zedi. Iwo anasangalala, ine ndinaimba ngati wakhungu. Kabokosiko sikanalakwe, ndinalibe pomvera.

Ena amati modeller imachedwetsa mawu. Zoona, koma yabwino imachedwa ndi mamilisekondi ochepa chabe. Mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa milisekondi imodzi, choncho mukaima mita imodzi kuchokera pa ampu yanu, achedwa kale ndi mamilisekondi atatu, ndipo simunadandaulepo.

Za magetsi. Athu ndi mavoti 230, pomwe ampu yogulidwa ku America imafuna 120. Musailumikize popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, mudzalira. Pa jenereta yomwe ikungotsika n'kukwera, mawu a mavalavu amasintha nawo. Modeller sisintha mawu, koma magetsi akathima n'kuyakanso imafuna masekondi angapo kuti idzuke, bandi ikukudikirani.

Chikafa chiti chimadzuka? Pano ampu yakale ikupambana. Mmisiri wachikulire wokonza mawailesi amatha kuitsata waya ndi waya. Modeller ikapsa m'kati, kawirikawiri ndiye kuti yapita. Komabe mavalavu amatha, ndipo mafakitale owapanga atsala ochepa, makamaka ku Slovakia, Russia ndi China, ndiye muwaitanitsa kunja ndi ndalama yakunja. Chonde, musatsegule nokha ampu yotere. M'katimo mumakhala mavoti opitirira 400, ndipo mphamvuyo imatsalira ngakhale mutazula pulagi. Musaiyatsenso sipika isanalumikizidwe, mudzawotcha thiransifoma yake.

Ine maganizo anga ndi awa. Nyimbo zathu zambiri, za rege, zauzimu, lidi yothamanga ija yovinitsa anthu pa ukwati, zimafuna gitala yoyera yomveka nsambo iliyonse. Mawu otere modeller ngakhale yotsika mtengo imawakwanitsa. Ngati muli ndi galimoto, mmisiri womudalira ndi malo okulolani kukweza, sungani mavalavu anu, ndipo ndikukusilirani. Enafe oimba Lachisanu ku Bangwe, Loweruka ku Chirimba, Lamulungu kutchalitchi, tigule modeller yapakatikati, ndalama yotsalayo ipite ku monita yathuyathu.

Mukagula, musakonzere mawu anu pa mahedifoni usiku. Zokoma m'makutu kunyumba zimalasa zikakwezedwa, chifukwa khutu limamva kwambiri mawu okwera ndi a besi phokoso likakula. Konzerani pokonzekera ndi bandi, ng'oma zikulira. Ndipo ngati mukulumikiza ku ampu ya gitala osati ku mikisa, thimitsani gawo lotsanzira sipika, apo ayi mawu amveka ngati mwawafunditsa bulangete.

Imvani nokha. Apa gawolo ndi loyatsa.

[Akuimba.]

Apa ndalithimitsa.

[Akuimbanso.]