Makalata a Omvera: Kusankha Kagalu Koweta Pakhomo

Moni nonse omvera, a ku Mabvuku ndi Tafara, a ku Mufakose, Epworth, Dzivarasekwa, ndi inu a m'mafamu ozungulira Harare muno. Sabata yatha tinkacheza za makoswe amene avuta m'nyumba, ndipo ndinatchulapo kuti pali tiagalu tina togwira makoswe kuposa mphaka. Mawu amenewo abala makalata ambiri, ena a papepala, ena a pa WhatsApp. Tiyambe ndi iyi ya mayi a ku Tafara.

"Achimwene a pawailesi, ine ndine mayi wamasiye, ndimakhala ndekha chimwalirireni bambo a m'nyumba. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg akuti andigulire kagalu koti kazindisangalatsa. Oyandikana nawo nyumba ali ndi ana a galu wa mtundu wa Jack Russell, okongola, oyera ndi mawanga ofiirira. Pakhomo ndili ndi nkhuku zisanu ndi kadimba ka covo kuseri. Mawondo amandivuta, sindiyenda mtunda wautali. Kodi nditenge?"

Amayi, pepani ndi zovutazo, ndipo mwana wanu waganiza bwino. Koma Jack Russell ayi, musatenge. Ndimawakonda agalu amenewa, ndinawetapo mmodzi, n'chifukwa chake ndikulankhula mosapsatira.

Galu ameneyu anachokera ku England. Dzina lake ndi la m'busa John Russell wa ku Devon, munthu wokonda uzimba, amene mu 1819 anagula galu wamkazi dzina lake Trump n'kuyamba kuswanitsa agalu oti azilowa kuuna kukatulutsa nkhandwe. Ndiye taganizani, zaka zonsezi anthu akhala akusankha galu wokumba, wouwa, wothamangitsa chilichonse choyenda, wosatopa. Thupi ndi laling'ono koma mtima ndi wa mlenje. Nkhuku zanu zisanuzo iye aziona ngati nyama yosaka, ndipo kadimba kothiriridwa bwino kaja ndi malo ofewa okumbapo. Amafuna kuthamanga tsiku lililonse, ola lathunthu kapena kuposa. Akapanda kutero mphamvuzo amazithera pa nsapato, pa mipando ndi pa kuuwa. Kwa bambo amene ali ndi bwalo lalikulu, mpanda wa durawall wopanda mpata pansi, anyamata osewera naye ndi makoswe m'nkhokwe, palibe galu womuposa. Kwa inu amayi adzakhala mtolo.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi. Musatenge kamwana, tengani galu wamkulu kale, wa zaka zitatu kapena zinayi, amene khalidwe lake likuoneka. Pitani ku SPCA, bungwe losamalira ziweto zosowa eni, ndi mdzukulu kapena mnzanu wa kumpingo, mukawauze zonse zimene mwandiuzazi: nkhuku, mawondo, kukhala nokha. Kumeneko kumapezeka tiagalu tosakanizika mitundu, kawirikawiri ta magazi a Maltese, tija taubweya woyera timene kuno timangoti Maltese poodle. Timeneti timakonda kukhala pamapazi a munthu, ndipo kuyenda pang'ono kukafika kugolosale n'kubwerako kumatikwanira. Ntchito yake ili pa ubweya. Mukapanda kupesa umapotana n'kupanga mfundo zimene zimakoka khungu ndi kubisa nkhupakupa, choncho chipeso ndi sizasi zikhale pafupi. Ndipo mumuuze mwana wanuyo kuti ndalama yogulira ndi yochepa poyerekeza ndi ya katemera, mankhwala a utitiri ndi chakudya, chifukwa tiagalu ting'onoting'ono timakhala zaka 12 mpaka 15, tina kupitirira.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mtsikana amene amachita lendi m'mafulati a ku Avenues.

"Malume, ine ndimagwira ntchito m'tauni, ndimachoka 7 koloko m'mawa n'kubwera 6 koloko madzulo. Ndaona pug pa Facebook, kankhope kake kokwinyika kandigwira mtima. Akuti sikauwa kwambiri. Ndasunga ndalama miyezi inayi."

Mwana wanga, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope yophwatalala imene yakukopayo ndiye gwero la mavuto a pug. Galu satuluka thukuta m'thupi monse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu. Pug, amene anachokera ku China, anamufupikitsa mphuno mpaka njira ya mpweya inapanikizika. Mkonono umene amaliza, umene anthu amauseka m'mavidiyo, ndi kuvutika kupuma. Tsono ganizira kutentha kwa mu October kuno ku Harare, fulati yotseka mawindo, iwe uli kuntchito, magetsi azima, fani yaima. Galu wotere akhoza kufa ndi kutentha masana amodzi. Maso ake otong'oka amavulala msanga, makwinya a kumaso amafuna kupukutidwa kuti asachite zilonda, ndipo amanenepa mosavuta.

Koma ngakhale ukanasankha mtundu wina, funso langa ndi la maola 11 amene nyumba imakhala yopanda munthu. Kamwana ka galu kamafuna kudya katatu kapena kanayi patsiku ndi kutulutsidwa panja pafupipafupi. Kakasiyidwa kokha kamalira, ndipo a pakhomo loyandikana sadzachedwa kukadandaula kwa eni nyumba. Wawafunsa eni nyumbawo? Mafulati ambiri salola ziweto. Yamba wafunsa zimenezo. Ngati alola, ndipo pali mng'ono wako kapena wina wokhala pakhomo masana, tilemberenso tidzaganizire limodzi. Ndalama wasungazo zisakutenthe m'manja.

Iyi yachitatu ndaiwerenga kawiri ndisanabwere nayo kuno. Yachokera kwa bambo a ku Mufakose.

"Mwezi watha ndinagula kagalu kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu, anati ndi Chihuahua. Ana anga anakondwa kwambiri, anakapangira pogona m'katoni. Patatha masiku asanu kanasiya kudya, kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba za magazi, zonunkha kwambiri. Tsiku lachitatu la matendawo kanafa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 mpaka lero salola kuti titaye katoniyo. Ndikufuna ndigule kena msanga kuti aiwale. Ndinalakwitsa pati?"

Bambo, pepani kwambiri, ndipo mumupepesere mwanayo. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a parvo, amene ambiri kuno amawatchula kuti cat flu ngakhale ndi matenda a agalu. Amagwira kwambiri ana a galu osabayidwa katemera, ndipo n'kutheka kuti kagaluko kanabwera nawo kale kuchokera kumene kanali, chifukwa amabisala masiku angapo asanaonekere.

Chonde musagule kena msanga. Kachilombo ka parvo n'kolimba, kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka. Mukabweretsa kamwana kena pabwalo lomwelo mudzaliranso. Katoniyo, nsanza ndi zonse zimene kanagonera ziwotchedwe. Mumufotokozere mwanayo mwachifatse chifukwa chake, ana amamva. Pasimenti ndi mbale tsukani ndi Jik wosungunula m'madzi. Ndipo galu wobwera pambuyo pake akhale woti anamaliza katemera wake yense.

Pogula, kaoneni mayi wake wa kagaluko ndi malo amene akukhala. Kamwana kasachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Funsani khadi la katemera losainidwa ndi dokotala wa ziweto: jakisoni woyamba amabaya pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza kangapo mpaka kakwane masabata pafupifupi 16. Wa chiwewe amabaya pa miyezi itatu, ndipo umenewu ndi lamulo m'dziko muno, galu akhale wamkulu kapena wonyamula m'manja. Wogulitsa amene sakufuna kukuonetsani kwawo, musiyeni.

Komanso pakhomo pa ana aang'ono Chihuahua sindimulimbikitsa. Galu ameneyu, amene dzina lake ndi la dera lina la ku Mexico, kawirikawiri salemera kupitirira makilogalamu atatu. Mwana akamugwetsa kuchokera m'manja mwendo umathyoka, ndipo akachita mantha amaluma. M'nyengo yozizira ya June ndi July amanjenjemera, sangagone panja. Ana a zaka 7 amayenerana ndi galu wathupi lolimbirako.

Pamene tili pa matenda, ndiloleni ndinene za Jack Russell wanga uja. Tsiku lina m'nyengo ya mvula sanandithamangire pageti monga mwa masiku onse. Anangogona pansi pa mtengo wa mapeyala, nsima ya matemba osaikhudza. Ndinati watopa. M'mawa mwake nditamutukula mlomo ndinapeza nkhama zake, zimene zimakhala zofiirira, zayera ngati pepala, ndipo mkodzo wake unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anali matenda a nkhupakupa aja timati biliary, amene amaswa magazi mofanana ndi malungo. Ndinafika naye kwa dokotala mochedwa. Jakisoni wake alipo ndipo amachiza mukafulumira, koma kagalu kakang'ono magazi ake ndi ochepa, tsiku limodzi ndi lalikulu. Muzimutukula mlomo galu wanu kamodzi pasabata, muzifufuza m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo mankhwala a nkhupakupa asamadumphe mwezi.

Yomaliza ndi ya agogo a ku Epworth, yalembedwa ndi mdzukulu wawo.

"Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Dedza ndili mnyamata. Kwathu galu anali wosaka ndi wolondera, ankagona panja paphulusa. Tiagalu mukunenati ntchito yake n'chiyani? Mbala ingaope kagalu konga kalulu?"

Agogo, funso lanu ndi la anthu ambiri. Kagalu sikagwira mbala, n'zoona, koma kamadzutsa mwini nyumba. Khutu lake ndi lakuthwa, ndipo kamene kagona m'nyumba wakuba sangakaponyere nyama ya poizoni monga amachitira ndi agalu a panja. Pa mabwalo athu ang'onoang'ono a m'malokeshoni galu wamkulu amangothera moyo wake pa tcheni, ndipo galu wa pa tcheni ndi amene amalusa n'kuluma ana a eni. Malamulo a khonsolo ya Harare nawonso amafuna laisensi ya galu aliyense, ndipo pamalo osakwana masikweya mita 2,000 salola agalu oposa awiri.

Koma pa chinthu chimodzi ndili kumbali yanu. Agalu athu achikuda aja, ofiirira, amakutu oima ndi mchira wopindika, ndi olimba, anazolowera nyengo yathu, ndipo ambiri si aakulu thupi. Bambo a ku Mufakose aja akanandifunsa galu woyenera ana awo, ndikanawalozera ameneyu, wobayidwa katemera ndi wofulidwa kapena wotsekedwa kuti asamaswe chaka chilichonse.

Mdzukulu amene mwalemba kalatayi mwawonjezera pansi funso lanu la galu wamtali thupi, wamiyendo ifupiifupi. Ameneyo ndi dachshund wa ku Germany, ankasakira nyama yonga chiuli kuuna. Ndi wanzeru ndi wokonda mwini wake, koma msana wake suchedwa kuvulala, choncho asanenepe ndipo asamadumphe kuchokera pabedi kapena pampando.

Nthawi yatithera. Makalata a mayi a ku Highfield ndi achimwene a ku Dzivarasekwa, ofunsa ngati nsima yokha ikukwanira galu ndi za mphutsi za putsi zimene zimalowa pakhungu nthawi ya mvula, ndawasunga pamwamba. Tidzayambira pamenepo sabata yamawa. Tsalani bwino.