Ndasiya ntchito ya mavwende, tikambe za Baschirotto

Moni moni amwene, kulikonse komwe mukumvera, ndine yemwe uja wa kuno ku Salento, kum'mwera kwa Italy. Mawu asasa, pepani, dzulo ndakalipa kwambiri.

Bwana uja wa mavwende kufupi ndi Nardò wandichita chipongwe. Busta paga, kapepala ka malipiro, yabwera, masiku amene walemba sakufika ndi theka lomwe la amene ndagwira, ndikumufunsa akuti enawo ndikupatsa pamanja. Pamanja! Inu a kumunda mukudziwa, popanda masiku 102 olembedwa pa zaka ziwiri disoccupazione agricola, ndalama ya boma yothandiza ogwira ntchito kumunda ntchito ikatha, suyiona, ndipo ukapita ku Questura, ofesi ya polisi, kukakonzetsa permesso, chikalata chokhalira m'dziko, saona thukuta lako, amaona pepala. Munthu kuyambira mbandakucha kuponyerana mavwende pamzere, lina likuchoka m'manja lina lafika kale, mpaka zala kukanika kumanga chingwe cha nsapato, ndiye wina azikubera ndi bolopeni? Ndamusiyira magolovesi ake ndanyamuka.

Ndiye m'basi yopita ku Lecce ndinakhala ndi madala ena ovala kapu yachikasu ndi yofiira ya timu ya mpira ya Lecce, akudandaula ulendo wonse kuti kaputeni wawo wapita ku timu ya Cremonese. Federico Baschirotto. Ine mkwiyo uli m'khosi koma ndinayamba kumvetsera, chifukwa mkuluyu ndimamutsata kalekale.

Kwa amene simumudziwa, ndi difenda, wobadwa 1996, kwawo ndi ku Nogara chigawo cha Verona, banja lawo ndi alimi oweta nkhumba ndipo iye wagwira ntchito m'kholamo ndi manja ake. Sanadutse m'masukulu a mpira a Juventus kapena Milan ayi. Anayambira ku Legnago, kenako kungoyendayenda, Cuneo, Forlì, Vigor Carpaneto, matimu oti ngakhale Mtaliyana weniweni amayamba wakanda m'mutu kuti ali kuti. Mu 2019 Viterbese mu Serie C, 2021 Ascoli mu Serie B, 2022 Pantaleo Corvino, mkulu wogula osewera wa Lecce, ndi kumutengera ku timuyo. Gemu yake yoyamba mu Serie A, Ogasiti 2022 pa Via del Mare, sitediyamu ya Lecce, ali ndi zaka 25, anamupatsa Lukaku wa Inter kuti athane naye. Analuza 2-1, chigoli cha Dumfries kumapeto kwenikweni, koma aliyense anatuluka akufunsa kuti chimunthu cha mapewa chija chachokera kuti. Ankasewera kumbali yakumanja, kochi Baroni ndi amene anamulowetsa pakati. Akagoletsa amakunga mikono kuonetsa minofu, sitediyamu yonse kuphulika. Pofika 2023 kochi wa Italy wa nthawiyo, Mancini, anamuitana ku kampu ya timu ya dziko.

Tsono mvetserani, makamaka inu achimwene amene mwangofika kumene. Kumudzi amandinena, akuti iwe sukhazikika, dzana unali ku Foggia pa tomato, kenako malalanje ku Calabria, pano mavwende. Amalume anga mpaka anatumiza voice note kuti mwala wogubuduzika sumera ndere. Amalume, ndi ulemu wonse, kuno nyengo ikatha ntchito yatha, ndipo bwana akakubera kamodzi ukangokhala chete mawa akuberanso. Kusamuka si kulephera. Baschirotto akanati ndikhazikike poti ku Legnago andizolowera, bwezi pano akumenya mpira Lamulungu lokha basi. Osamaopa kunyamula chikwama amwene, osamaopa, Italy ndi yaitali ndipo manja athuwa akufunidwa kuyambira ku Sicilia mpaka ku Trentino.

Koma chomwe chinandiwawa m'basi muja ndi ichi. Iye timu ikamusiya, anali ndi kwawo koti abwerere, sitima maola ochepa wafika, mayi ake amuphikira, m'mawa ali ku nkhumba podikira foni. Palibe amene ankamufunsa chikalata chokhalira m'dziko. Ife kontirakiti ikatha ndi permesso yomwe imayamba kugwedezeka, ndipo kwathu kuli kutali, tikiti yake ndi malipiro a nyengo yonse. Mayi anga pano ali kalikiliki kupuntha chimanga ku Ntcheu, ine ndimangoona pa WhatsApp. Ndiye madala aja akuti mnyamata uja ndi chitsanzo kwa aliyense, ndinavomera ndithu, sindikumuchotsera kanthu, anavutikira yekha. Koma kuyendayenda kwa iye ndi kwa ife sikofanana mtengo.

Paja ndinakuuzani kuti muzilemba maola m'kabuku tsiku lililonse? Ine kanga ndili nako, deti, munda, nthawi yolowa ndi yotuluka, ndi mafoto omwe. Lolemba ndikupita nako ku sindacato, bungwe loimira ogwira ntchito, bwana uja aone yekha kuti si tonse timagona. Zikatheka Seputembala ndikukwera kumtunda ku maapozi. Amene muli ku Trentino ndipo mukudziwa malo ogona, ndipezeni ku inbox.