Makalata a Omvera: Chipinda cha Nkhungu Chautsa Mapiri Pachigwa

Takulandirani omvera athu nonse, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Sabata yatha tinakamba za aluso amene sajambula chithunzi chopachika pakhoma, koma amakonza chipinda chathunthu kuti munthu alowemo. Makalata abwera ambiri, ndipo lero tiwerenga atatu.

Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Senga Bay. Akuti: "Achimwene, ndinaona kanema pa foni, mayi ataima pakati pa tinyali tosawerengeka, kumwamba ndi pansi pomwe. Anzanga akuti n'zopanga pa kompyuta. Zoona zake n'ziti?"

Achemwali, chipindacho chilipodi. Mwina mwaona chimodzi mwa zipinda za Yayoi Kusama, mayi wa ku Japan amene anabadwa mu 1929. Choyamba anachionetsa ku New York mu 1965. Chinsinsi chake ndi akalilole oyang'anizana: nyali imodzi imaonekera mwa kalilole uyu, uyunso n'kuibweza kwa mnzake, mpaka maso kulephera kupeza khoma. Inunso mumachuluka chimodzimodzi, moti simudziwa pamene mwathera inu ndi pamene payambira chipinda. Mayiwa amanena okha kuti kuyambira ali mwana ankaona timadontho tikuphimba chilichonse, ngakhale thupi lawo, ndiye zipindazi zimatilawitsa zimene iwo ankaona. Chodandaulitsa n'chakuti mzere umatalika kwambiri, m'malo ambiri munthu saloledwa kupitirira mphindi imodzi, ndipo ambiri mphindiyo amaithera pa kudzijambula.

Yachiwiri ndi ya bambo a ku Chia, ndipo sanabise mawu. Akuti: "Bambo muulutsi, ine ndine msodzi. Munati ku Ulaya anthu amalipira kuti alowe m'chipinda cha nkhungu. Ife nkhungu timaiona ulele panyanja. Limeneli ndi luso kapena kuba masanasana?"

Bambo, ndaseka, komatu funso lanu ndi lolemera. Chipinda chija anakonza ndi waluso Antony Gormley ku Hayward Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso mumzinda wa London, mu 2007. Makoma ake anali agalasi, m'kati modzaza nkhungu yoyera ndi kuwala, moti ukatambasula mkono dzanja lako lomwe limasowa. Otsala panja ankangoona zikhatho za anzawo zikupapasa galasi. Inu zimenezi mumazidziwa kuposa ine. M'bandakucha mukamabwera kopha usipa, nyanja ili bata, madzi ndi thambo zafanana mtundu, gombe silikuoneka, mumadziwa bwanji kolowera? Mumadalira khutu ndi mphepo yokukhudzani pakhungu. Munthu wobadwira m'tauni, amene tsiku lonse maso ali pa foni ndi zikwangwani, sanayambe wamvapo thupi lake likugwira ntchito yotero. Waluso uja sagulitsa nkhungu ayi. Amam'landa munthu maso kwa kanthawi kuti aone chimene chingatsale.

Winanso ndi Olafur Eliasson. Mu 2003 anapachika dzuwa lochita kupanga m'holo yaikulu ya Tate Modern, nyumba inanso yoonetseramo zaluso ku London komweko. Linali theka chabe, la nyali zachikasu, koma denga lonse linali kalilole, ndiye linkaoneka lathunthu. Anthu oposa 2 miliyoni anapita kukaona, ndipo ambiri ankagona chagada pansi kudzifufuza kudenga, akugwedeza miyendo kuti adzizindikire pakati pa khamulo. Akuluakulu ndithu, ena atavala masuti! Komabe pena ndikugwirizana nanu, bambo. Si chipinda chilichonse chofuka utsi chimene chili luso. Ngati munthu watulukamo ali chimodzimodzi monga analowera, ndalama yake yapita pachabe.

Yomaliza ndi ya aphunzitsi a ku Khombedza: "Kodi alipo Mmalawi amene amachita zoterezi? Nanga ana ndingawaonetse bwanji popanda zipangizo?"

Alipo, aphunzitsi. Samson Kambalu ambiri anamudziwa mu 2022, chiboliboli chake cha John Chilembwe atavala chipewa chitaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square ku London. Koma kalekale asanatchuke chonchi anamata masamba a Baibulo pa mpira wamiyendo n'kuuika pansi kuti ofuna aumenye. Pamenepo woonera sakanangoima chapatali: phazi likufuna, mtima ukukana, ndipo ntchito ya walusoyo inali kukufikitsa pa mkangano umenewo.

Za ana musavutike. Bwerekani akalilole awiri, muwaimike moyang'anizana m'kalasi, mutseke mawindo ndi zitenje, pakati muikepo tochi. Ana azilowa mmodzimmodzi, ndipo musawauziretu chimene akaone. Akatuluka aliyense alembe zake asanakambirane ndi mnzake. Mudzatitumizire zimene alembezo, tidzawerenga pano sabata yamawa ikadzatha nkhani ya mitengo ya mpunga.