Inchaji wa ku casualty akakhala pa foni: akucheza kapena akugwira ntchito?

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ku Salima, ndipo tikukamba za munthu amene magadiyani amamunena kwambiri ku casualty: inchaji, namwino woyang'anira chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Ngati simunadine subscribe, dinani pompano, n'kwaulere.

Zoyambira tizithamangitse. M'chaka cha 1973, katswiri wa ku Canada, Henry Mintzberg, atalondola mabwana asanu pantchito yawo, anati woyang'anira aliyense ali ndi maudindo khumi. Atatu mwa iwo ndi okhudza uthenga: kuusonkhanitsa, kuugawira anzake, ndi kulankhulira gulu lake kunja. Enawo tidzawaona tsiku lina.

Choyamba, kusonkhanitsa. Inchaji akangolowa m'mawa ayenera kudziwa izi asanakhale pansi: mabedi opanda munthu alipo angati, ku labu kuli magazi a gulu O mapainti angati, ambulansi ili ndi mafuta kapena ayi, ku fiyeta wogonetsa odwala alipo ndani. Makina opanga okosijeni amayendera magetsi, ndiye magetsi akazima wodwala amadalira silinda kapena jenereta. Silinda imafunika kuiyang'ana geji m'mawa, osati mwana atayamba kale kubanika.

Kaundula nayenso amalankhula. Anthu atatu ochokera mudzi umodzi, onse akutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga: dokotala aliyense waona wake mmodzi, koma inchaji ndi amene waona atatu. Ngakhale mmodzi yekha woganiziridwa kolera, lipoti liyenera kufika kwa a zaumoyo a m'boma pasanathe maola 24. Ife a m'mbali mwa nyanja kolera ya 2022 ndi 2023 tikuikumbuka.

Tsono nayi nkhani imene imandiwawa. Mumamva pabenchi paja: "Anthu akufa, iye ali pa foni!" Ena mpaka kujambula n'kuponya pa WhatsApp. Abale anga, tamverani kaye.

Tiyerekeze minibasi yagubuduzika pamsewu wa M5, ovulala asanu ndi atatu ali m'njira. Foni yoyamba ikalira, inchaji amafunsa zitatu: ndi angati, avulala motani, afika nthawi yanji. Akatero aimbira ku labu kuti akonze magazi, chifukwa kuyeza ngati magazi akugwirizana ndi a wodwala kumatenga nthawi. Aimbira ku fiyeta. Aimbira kuwodi kuti asunthe odwala amene apezako bwino, mabedi apezeke. Aitanitsa dokotala amene ali pa call, ndi dalaivala wa ambulansi. Wovulala m'mutu amene akufunika kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, sangangokwezedwa. Kumeneko ayenera kudziwiratu kuti akubwera ndani, wavulala pati, walandira chiyani, apo ayi akafika n'kuyambanso kufunsidwa kuchokera pachiyambi.

Tsopano inchaji uja aike foni pansi, akabaye diripu munthu mmodzi kuti inu pabenchi musangalale. Wathandiza mmodzi, inde. Asanu ndi awiri afika magazi kulibe, fiyeta ndi yotseka, bedi palibe. Diripu angabaye namwino aliyense, koma wodziwa zonse zija nthawi imodzi ndi mmodzi yekha. Sindikunena kuti ocheza pa foni nthawi ya ntchito kulibe, alipo ndithu, ndipo mukawaona kanenani kwa ombudsman, wolandira madandaulo pachipatala. Koma kungoona foni kukhutu si umboni. Amene munagwirapo ku casualty, lembani m'munsimu, anthu amve kwa eni ake.

Chachiwiri, kugawa. Apa mpamene zinthu zimaonongeka kawirikawiri, makamaka posinthana mashifiti. "Mwana wa pabedi lachitatu ali ndi malungo, walandira mankhwala" si lipoti. Lipoti lenileni likuti: mwana wa zaka 4, malungo aakulu, anakomoka kawiri, jakisoni woyamba wa artesunate analandira 2 koloko masana, shuga m'magazi anali wotsika ndipo tamupatsa glucose, ayezedwenso. N'chifukwa chiyani ola? Artesunate amabayidwa poyamba, kenako pakatha maola 12, kenako pakatha maola 24 kuchokera pa jakisoni woyamba. Ola likasowa papepala, wa usiku amaphonya jakisoni kapena kubaya nthawi isanakwane. Inchaji wabwino amaonetsetsa kuti lipoti likuperekedwa pabedi pomwepo, pepala lili m'manja.

Kugawa ndi kuuzanso aliyense, mpaka mlonda wa pakhomo, zizindikiro zoopsa. Njira ya ETAT, imene chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinathandiza kwambiri kuikhazikitsa, imagawa ana odwala patatu: ofunika thandizo pompopompo, ofunika kuonedwa msanga, ndi oti angadikire pamzere. Mwana wobanika kapena wokomoka sadikira, ngakhale inu munafika tambala woyamba. Vidiyo yathu ya ETAT ili pamwamba apa, mukaione mukatha ino.

Chachitatu, kulankhulira gulu, ndipo apa sindichedwapo. Kwa mabwana pamsonkhano wa m'mawa, inchaji amapita ndi manambala: taona odwala angati, tatumiza angati, chatha n'chiyani. Kungoti "zinthu zikuvuta" sikubweretsa magolovesi. Kwa abale, amasankha gadiyani mmodzi n'kumamuuza iyeyo, chifukwa akauza asanu padera, pofika kumudzi wodwala wamoyo amakhala atalengezedwa kale maliro. Atolankhani akabwera amawalozera kwa mneneri wa chipatala, ndipo dzina la wodwala silituluka pakamwa pake.

Sabata yamawa tidzaona zoyenera kulembedwa m'kalata yotumizira wodwala kuchokera ku chipatala chaching'ono. Dinani kabelu kuti isakupiteni.