Anatiteteza kwa Yani? Za Nyasaland ndi Maiko Anzake mu Ulamuliro wa Atsamunda

Mafumu athu amene muli pano, agogo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndikuthokozeni chifukwa chosiya ntchito zanu madzulo ano kudzamva nkhani imeneyi. Ndiyambe ndi liwu limene tonse timalidziwa, liwu lakuti atsamunda. Mukalitchula pang'onopang'ono mumva kuti m'kati mwake muli munda, ndipo ine ndimaona kuti makolo athu sanaphonye potchula anthuwo motero, chifukwa munthu wa kuno ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Thyolo kapena ku Mulanje anakumana ndi ulamuliro wa azungu poyamba pa nkhani ya munda, osati pa nkhani ya mbendera.

M'mabuku a boma la Britain, maiko amene ankawalamulira sanali a mtundu umodzi. Ena ankatchedwa koloni, kutanthauza kuti dzikolo lasanduka chuma cha mfumu ya ku Britain ndipo anthu ake ndi nzika zake. Ena ankatchedwa ndi liwu la Chingerezi lakuti protectorate, ndiko kuti dziko lotetezedwa, limene pa lamulo linali likadali la eni ake, Britain n'kungokhala ngati mlonda woima pachipata. Dziko lathu linali m'gulu lachiwirili, pamodzi ndi Uganda, Bechuanaland amene lero ndi Botswana, ndi Northern Rhodesia amene lero ndi Zambia. Funso limene ndabwera nalo ndi lakuti: ngati tinali dziko lotetezedwa, ankatiteteza kwa yani?

Mudzi wa azungu kuno unayamba mu 1876 pamene amishoni a mpingo wa ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre, dzina limene analitenga ku mudzi umene David Livingstone anabadwira. Mu 1878 kunabwera kampani ya African Lakes ya abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo nyumba yawo ya Mandala ikadalipo mpaka lero. Nthawi imeneyo kunalibe boma la azungu kuno. Amishoni ndi amalonda ankakhala mwa chilolezo cha mafumu. Koma ku Ulaya zinthu zinali kuyenda mwina. Kuyambira kumapeto kwa 1884 mpaka kumayambiriro kwa 1885, maiko a kumeneko anakumana ku Berlin n'kugwirizana za malamulo otengera madera a mu Africa, pa msonkhano umene panalibe mfumu ngakhale imodzi ya kuno. Apwitikizi, amene anali atakhala zaka mazana ambiri m'chigwa cha Zambezi, ankati mapiri a Shire ndi awo, ndipo mu 1889 anatumiza Serpa Pinto ndi asilikali kukwera mtsinje wa Shire, kumene anamenyana ndi Amakololo. John Buchanan, amene ankaimira Britain kuno, anafulumira kulengeza kuti derali lili m'manja mwa Britain. Mu Januwale 1890 boma la ku London linalamula Apwitikizi kuti abwerere, ndipo mu 1891 chitetezo chija chinalengezedwa mwalamulo, Harry Johnston n'kukhala wolamulira woyamba ku Zomba. Dzina lakuti Nyasaland linakhazikika mu 1907. Mwaona tsono kuti yankho loyamba ndi lakuti Angerezi ankateteza dzikoli kwa azungu anzawo.

Sindikufuna kukunamizani ngati kuti kunalibe china chimene chinatha. Malonda a akapolo anali atasautsa dziko lino koopsa, anthu ankagwidwa n'kuwolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo nkhondo za Johnston, amene anabweretsa asilikali a Chisikhi kuchokera ku India, zinathetsadi malondawo. Mlozi, mkulu wa amalonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga mu 1895. Koma mfuti zomwezo zinalozedwanso kwa mafumu amene mlandu wawo unali kukana msonkho ndi kukana kugonja, ndipo Inkosi Gomani Chikuse anaphedwa mu 1896. Mlonda uja anali atalowa m'nyumba n'kukhala pampando wa mwini wake.

Tibwerere ku munda. Boma lisanakhazikike, azungu angapo ndi makampani anali atayendera mafumu n'kuwapatsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, kenaka n'kumanena kuti agula malo. Mfumu pa mwambo wathu imagawa malo oti munthu alimepo, sigulitsa dziko la makolo, ndipo n'zokayikitsa ngati amene anadinda chala pa mapepalawo ankamva chimodzimodzi ndi amene anawalemba. Johnston anavomereza zambiri mwa zogulazo powapatsa eni ake zikalata, kotero kuti maekala oposa mamiliyoni atatu analowa m'manja mwa anthu ochepa, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yabwino ya mapiri a Shire inali m'menemo. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, koma mawuwo sanateteze ana amene anafuna kutsegula minda yatsopano nthaka yakale itaguga, ndiponso sanateteze abale athu Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za kumeneko. Iwowa anapeza malo pa maesiteti, ndipo mtengo wa malowo unali thangata.

Liwu limenelinso muliganizire. Kuthangata kunali chinthu chabwino: mnzako akachepekedwa manja pa munda, umapita kukamuthangata, mawa iyenso adzabwera kwa iwe. Pa esiteti liwulo linatembenuzidwa n'kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Munthu ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe unkafuna khasu. Agogo anga aamuna, amene anakulira pa esiteti ina ku Thyolo, ankandiuza kuti mwezi wa thangata sunkatha ndi kalendala, unkatha ndi cholembera cha kapitawo, chifukwa tsiku limene sunamalize ndime silinkalembedwa pa tikiti. Ankanena zimenezi osakweza mawu, ndipo ine ndinali wamkulu kale pamene ndinazindikira kuti njala ya m'nyumba mwawo inkachokera pamenepo.

Msonkho wa nyumba ndiwo unamanga zonsezi pamodzi. Unkafunika ndalama, pamene anthu chuma chawo chinali m'nkhokwe ndi m'khola, ndipo boma linaukonza moti amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Wolephera kulipira ankatha kuwotcheredwa nyumba. Msonkho womwewo ndiwo unatulutsa amuna m'midzi kupita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia amene lero ndi Zimbabwe, ndipo amene sanabwerere tinawapatsa dzina lakuti machona. Ndikhulupirira kuti m'chipinda chino mulibe banja limene lilibe mtchona wake.

Anansi athu anaona zawo. Ku Southern Rhodesia kunalowa kampani ya Cecil Rhodes, azungu okhala kumeneko anapatsidwa boma lawolawo mu 1923, ndipo lamulo la malo la 1930 linawapatsa pafupifupi theka la dziko lonse. Ku Mozambique kunali chibalo. Ku Tanganyika kunali Ajeremani, amene anathetsa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 powotcha minda kufikira anthu osawerengeka anafa ndi njala. Dziko la Congo linali chuma cha munthu mmodzi, mfumu Leopold ya ku Belgium, kuyambira 1885 mpaka 1908. Malire amene anajambulidwa nthawi imeneyo ndi amene anachititsa kuti Mchewa wa ku Mchinji afunike chiphaso popita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete.

Munthu amene anafunsa poyera funso lathu lija anali M'busa John Chilembwe. Ataphunzira ku America, anabwerera mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, pafupi ndi esiteti yaikulu ya Magomero, kumene matchalitchi a udzu a anthu ake ankawotchedwa. Nkhondo ya 1914 itayamba, anthu a kuno anatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga, ndipo Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, anapha William Jervis Livingstone amene ankayang'anira Magomero, ndipo gulu lina linabwera kuno ku Mandala kudzafuna mfuti koma linapeza zochepa. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chachikulu chinagwetsedwa, ndipo anthu ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Liwu lija lakuti dziko lotetezedwa, limene pa esiteti linalibe phindu lililonse, makolo athu analitola n'kulisandutsa chida. Bungwe la Nyasaland African Congress linakhazikitsidwa kuno ku Blantyre mu 1944, Levi Mumba ali pulezidenti woyamba ndipo James Frederick Sangala ali mmodzi mwa oliyambitsa. Pamene azungu a ku Salisbury, likulu la Southern Rhodesia, anafuna kuphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, anthu a kuno anakana, ndipo sankakana mwa mphekesera, chifukwa machona ndi obwerera kwawo anali ataona ndi maso malamulo a zitupa ndi tsankho la kumeneko. Mfundo yawo inali yakuti makolo athu anavomera chitetezo cha Mfumukazi Victoria, sanagonjetsedwe ngati koloni, choncho mlonda alibe mphamvu yopereka nyumba kwa munthu wina mwini wake akukana. Mafumu anapita mpaka ku London mu 1953 kukanena zimenezi, koma sanaloledwe kuonana ndi Mfumukazi Elizabeth, ndipo chitaganya chinayamba chaka chomwecho. Inkosi Gomani yachiwiri inachotsedwa pampando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo ku Thyolo kunabuka zipolowe za malo m'mene anthu anaphedwa.

Zotsatira zake ambiri a inu mukuzidziwa. Dokotala Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe kuno, Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Boma la Britain linatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza, ndipo lipoti lake linanena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawu amenewo anachititsa manyazi ku London kwenikweni chifukwa dzikolo linkatchedwa lotetezedwa. Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960, chisankho chinachitika mu 1961, thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera yathu inakwera. A ku Mozambique anadikira mpaka 1975 ndipo a ku Zimbabwe mpaka 1980, onsewo atadutsa m'nkhondo, pamene ife ndi a ku Zambia tinalandira ufulu chaka chimodzi popanda nkhondo yotero. Ine ndimakhulupirira kuti kuchepa kwa azungu okhazikika kuno, pamodzi ndi mfundo ija ya chitetezo, ndi zimene zinasiyanitsa njira zathu.

Koma nkhani ya munda sinathe mu 1964. Boma linagula maesiteti ena n'kukhazikapo anthu, komabe aliyense amene wakwera minibasi ya ku Thyolo waona tiyi wobiriwira kufika kumene maso alekeza, ndi midzi yothithikana m'mphepete mwake, mabanja akulima m'malo otsetsereka amene khasu silinayenera kufikako. Malire ambiri a minda imeneyo anachokera m'zikalata zija za Johnston.

Ndaona kuti kutsogolo kuno kuli agogo angapo amene anabadwa chitaganya chisanayambe, ndipo mwina ena anagwirapo thangata kapena anali ndi abale ku Kanjedza. Ndipempha apampando kuti tisanalowe m'mafunso, tiwapatse mpata agogowa atiuze zimene anaona, ndipo achinyamata amene muli ndi mafoni mupemphe chilolezo chawo kuti mujambule mawu awo.