Nkhuni za pakhomo panu amatola ndani?

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse ndi nduna zanu, zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, ine mawu anga ndi a nkhalamba. Ana akalira musachoke nawo, ayamwitseni pompano, nkhaniyi ndi yawo.

Ndiyambe ndi funso. Nkhuni zimene mwaphikira phala m'mawa uno anakatola ndani? Kumene anatola ndi mayi, kwezani dzanja. Eya, tsitsani. Kumene anatola ndi mwana wamkazi? Taonani manjawo. Nanga kumene anatola ndi mnyamata kapena bambo? (kuseka) Atatu basi. Bambo a chipewa inu mwakweza mochedwa mutayang'ana kaye akazi anu, ndikuwerengani theka.

Ine ndinaphunzitsa sitandade 5 zaka zambiri ndisanapume, ndipo pali chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Atsikana ankafika mochedwa, belu litalira kalekale, tsitsi litaphwatalala pamene panali nkhata. Ine ndinkawapatsa chibalo. Kolopa kalasi, sesa bwalo, kumba dzenje la zinyalala. Mwana wadzuka tambala woyamba, wakwera phiri, watsika ndi mtolo, watunga madzi, ndiye mphunzitsi akumuwonjezera ntchito ina pamene anyamata ali m'kalasi akulemba masamu. Zinanditengera nthawi kuti ndione kuti chaka ndi chaka ankachedwa moonjezera. Nkhalango inkathawira kumtunda, ana aja n'kumaitsatira. Pofika sitandade 7 ambiri anali atatsalira, ife m'sitafu n'kumati atsikana a kuno mitu yawo ndi youma. Mitu inalibe vuto. Inali itatopa ndi mitolo.

N'chifukwa chake pamene anandiuza kuti ndidzayankhule za kulera ana, ndinati ndiyankhula za nkhuni. Ena anadabwa. Koma tamverani mawu athuwa. Timati kulera mwana. Kuchipatala amati kulera, kutanthauza kupatsa mpata pakati pa ana. Ndipo alangizi a zankhalango akabwera amatiuza kuti tizilera zitsa kuti ziphukire. Makolo athu anatipatsa mawu amodzi a ntchito zitatu, ndipo ine ndaona kuti pakhomo pamene imodzi yalephereka, zinazo zimatsimphina.

Pa kalembera wa mu 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa mu 2018 tinapezeka tili 17.5 miliyoni. Munda wa agogo anga umene unkadyetsa nyumba imodzi lero wadulidwa kasanu ndi kawiri, ndipo malire ake ndi amene a Gulupu amakhalira pabwalo lino sabata ndi sabata. Sindinabwere kudzauza munthu kuti abereke ana angati, ayi, zimenezo ndi za awiri m'nyumba. Ndingoti abambo, njira ya kusikelo ilibe minga. Perekezani akazi anu, mukamve nokha zimene anamwino akunena, m'malo momvera ku bawo kuti jakisoni wolera amachita zakutizakuti.

Tsopano za phiri. Akuluakulu muli pano mukukumbuka Malichi wa 1991, pamene napolo anatsika m'Michesi n'kukokolola midzi kuno ku Phalombe. Achinyamata inu mukukumbuka Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy. Zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ndi kwathu konkuno sindizibwereza, poti ena muli pano munataya anthu anu ndipo ena manda awo sanapezeke. Ndisakunamizeni kuti tikadabzala mitengo Freddy sakadabwera. Mvula ya masiku angapo osakata ngati imene ija imagwetsa ndi phiri la mitengo lomwe. Komanso kutentha kwa dziko kumene kukukulitsa anamondwewa sikunayambire pa mafuwa a mayi wa ku Phalombe. Utsi wochuluka ndi wa mafakitale ndi magalimoto a mayiko olemera, ife timangolandira bilu ya chakudya chimene sitinadye. Zimenezo atsogoleri athu akazinene kumisonkhano ya kunja, ndipo azinene mokweza. Koma mvula wamba ya chaka ndi chaka, imene ikukumba zigwembe m'minda mwathu n'kudzaza mitsinje ndi mchenga, imeneyo ili m'manja mwathu. Dontho likagwa pa tsamba limatsika mofatsa n'kulowa pansi. Likagwa pa dothi lamaliseche limathamanga, n'kunyamula chonde chathu kukachitaya ku Chilwa.

Nanga bwanji sitibzala? Mbande zimabwera chaka chilichonse. Nyengo yobzala mitengo boma limatsegulira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, akuluakulu amajambulitsa atagwira khasu, ana asukulu amaimba. Pofika Ogasiti mbuzi zamaliza, moto wa osaka mbewa wapsereza zotsala. Mtengo wobzalidwa ndi gulu, wopanda mwini, ndi mwana wamasiye.

Apa ndikhudza pachilonda, a Gulupu mundikhululukire. Kuno ndi kwa chikamwini. Bambo amakhala kwa mkazi, ndipo ndamva abambo ambiri akunena kuti, ine ndingabzale mibawa pamudzi pa eni ake? Mawa banja likatha ndidzanyamula bulangete ndi wailesi, mitengo n'kutsalira amuna ena. Mbali inayi amalume nawonso akaona mkamwini akubzala mitengo amayamba kutsokomola, ati ameneyu akufuna kukhazikika, akufuna malo. Ndiye bambo sabzala poopa kutaya, malume salola poopa kulandidwa, mayi alibe nthawi poti ali kuphiri kotola nkhuni. Pamapeto pake amene akulipira mkangano umenewu ndi kamtsikana ka zaka 10 kamene kali ndi mtolo pamutu.

Koma taganizani, bambo. Malo a chikamwiniwo adzatsalira ndani? Si mwana wanu wamkazi yemweyo? Magazi anu. Mukabzala m'dzina lake, ngakhale inu mutachoka ndi bulangete lanu, mitengoyo mwasiyira mwana wanu, osati mwamuna wina. Ine pempho langa kwa mafumu ndi lakuti munene pabwalo, anthu onse akumva, kuti mkamwini wobzala mtengo sakulanda malo, ndipo mtengowo ulembedwe m'kaundula wa mudzi m'dzina la mwana. Mwana akabadwa, mitengo 5. Akayamba sitandade 1 azikaithirira yekha. Ndinaona pakhomo pena atachita zimenezi, kamwana kakulondera mango ake ndi legeni, mbuzi osayandikira. Pamenepo palibe amene anakaphunzitsa za chilengedwe ndi choko.

Ndipo si mtengo uliwonse umene umafuna chubu ndi nazale. Pitani m'munda mwanu mukayang'ane zitsa zimene mumazisadza chaka ndi chaka pososa. Chitsa chili ndi mizu yakale yozama, sichifuna kuthirira, chilimwe sichichiopsa. Chikaphukira, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modula kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Zodulazo ndi nkhuni zanu za sabata imeneyo. Chaka chamawa mudzatengulirenso nthambi za m'munsi. Pakatha zaka zochepa muli ndi mtengo umene simunagule.

Mukapeza kansangu kakumera m'munda, musakazule, mwapeza fetereza. Nsangu ndi mtengo wa makhalidwe osiyana ndi inzake. Mvula ikayamba, pamene mitengo ina ikuvala, iwo umavula masamba, ndiye chimanga cha pansi pake chimaona dzuwa n'kumadya masamba ovundawo. Chilimwe umavalanso n'kupatsa ziweto mthunzi ndi zitheba. Nandolo ndiye sindingakuphunzitseni, kuno ndi kwawo, koma ndikukumbutseni kuti mapesi ake ndi nkhuni zabwino, musamawatenthere m'munda. Mitengo ya gilirisidiya m'malire, nsungwi m'mbali mwa mtsinje, udzu wa vetiva pa akalozera. Bulugamu yekha mumusamale, amakula msanga koma ndi chidakwa cha madzi. Pafupi ndi chitsime kapena dambo ayi.

Za mbaula ya chitetezo ambiri mwamva, ena muli nayo koma mwaisandutsa chisa cha nkhuku. (kuseka) Ndikudziwa, ndimayenda m'makomomu. Mafuwa atatu amataya moto mbali zonse, mumaotcha mphepo. Mbaula ya dothi imaunjika moto pansi pa mphika, tinkhuni titatu kapena zitsononkho zikwanira kuphika ndiwo. Mtolo umene unkatha masiku awiri umafika patali, ndipo ulendo uliwonse wa kuphiri umene wachotsedwa ndi m'mawa umodzi umene mtsikana wafika kusukulu belu lisanalire. Chenjezo langa ndi ili: mbaula imachepetsa utsi koma siithetsa. Mayi akawerama kukoleza moto m'kakhitchini kopanda zenera, khanda lili kumbuyo likupuma utsi womwewo, mapapo ake ang'onoang'ono. Phikirani panja kukakhala kopanda mvula, bowolani zenera, gwiritsani nkhuni zouma, ndipo khanda mupatseni wina aligwire. Winayo akhoza kukhala bambo ake. Manja ali nawo awiri.

Zimenezi zandifikitsa kwa ife amayi, poti tisangoloza abambo chala. Bambo amene sakhudza mthiko lero analeredwa ndi mayi. Ndife amene timati, iwe choka kukhitchini, ndiwe mwamuna. Ndife amene timadzutsa mtsikana mbandakucha mlongo wake akuliza nkonono, madzulo n'kupatsa mnyamata ntchafu ya nkhuku, mtsikana chipalapasiro. Kenako mnyamata yemweyo akapita ku Joni amaphika yekha, amachapa yekha, ena ntchito imene amapeza kumeneko ndi ya ukhukhi ndi ya m'nyumba. Ku Blantyre m'mahotela ophika ambiri ndi amuna. Ndiye kuti mthiko suthothola ndevu. Umangolemera ukakhala wopanda malipiro.

Mwana wanga wachisamba ndi wamwamuna. Tsiku loyamba kumutuma kudambo ndi ndowa, apongozi anga anakhala masiku awiri osandiyankhula, ati ndikumusandutsa wopepera. Anzake ankamuseka. Iye anabwera akulira, n'kunena kuti sadzapitanso. Ndinamuuza kuti chabwino, amene satunga sasamba. Anapirira masiku atatu. (kuseka) Koma chimene ndinaona n'chakuti atayamba kutola nkhuni yekha, ndi iye amene anayamba kukalipira anthu osonkha moto waukulu pophika tiyi wa kapu imodzi. Munthu amene sanasenzepo mtolo sadziwa mtengo wake wa nkhuni. Anyamata amene tikuwalera osadziwa kulemera kwa ndowa ndi omwewo amene mawa adzakhale makhansala, mafumu ndi aphungu, n'kumagamula za mijigo ndi nkhalango.

Mtsikana akatsalira kusukulu, chotsatira mukuchidziwa. Amati wakula, akwatiwe, tichepetse pakamwa. Lamulo linasintha: mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chilolezo cha makolo sichingamusandutse mkazi wa munthu. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto, mayi ngati ife, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa paudindo mafumu amene ankawavomereza. Sanadikire thandizo la kunja kuti ayambe. Ndipo mtsikana amene watenga pathupi saloledwa kutayidwa, ndondomeko ya boma imati akabereka abwerere m'kalasi. Amayi a gulu la pasukulu, imirirani akuoneni. Awa ndi amene mukawafikire, usiku kapena usana.

Achimwene mwafunsa za makala kumbuyoko, ndamva. Ine sindinyoza wootcha makala. Ndamuona akukankha njinga ya matumba atatu, thukuta lili kamukamu, kuti apeze ya sopo ndi ya mayeso a mwana. Amene amaphikira makalawo ali m'tauni, ena ndi a mataye omwe amabwera kudzatidzudzula. Koma phindu lalikulu limatsalira wa lole ndi wogulitsa kumsika, ife kuno timatsala ndi zitsa ndi zigwembe. Ngati mudzi uli ndi nkhalango yake, komiti yake ikhale ndi amayi okwanira, osati mmodzi wongolemba maina ndi kuphika pa msonkhano. Amene amadziwa kuti mtengo wakuti watha, mankhwala akuti sakupezekanso, bowa wasiya kumera pati, ndi amene amalowa m'tchire tsiku ndi tsiku. Ndipo a banki m'khonde, pogawana ndalama mu Disembala, mbaula ndi mbande za zipatso zikhale pamndandanda limodzi ndi zitenje za Khirisimasi.

Dzuwa lapendeka, ena muli ndi mbuzi zoti mukamasule. Loweruka m'mawa tikumane pamunda wa a Gulupu, avomera kuti tiphunzirire pa zitsa zawo. Bwerani ndi chikwanje chonola. Nyumba iliyonse ibwere ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, ndipo madzi akumwa a tsiku limenelo atunga ndi anyamata. Bambo a chipewa aja, inu mubwere ndi mtolo umodzi wa nkhuni wotola nokha, kuti theka lija likwane.

Zikomo a Gulupu, ndabweza mawu.