Za ntchito yanga ku Cape Town ndi nyumba yomwe bambo akufuna

Moni nonse, kaya mukundimvera muli mu minibasi ya ku Lilongwe, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Joni. Gawo la lero ndikujambulira kwathu ku Salima komwe ndabwera kutchuthi, ndiye mukamva atambala kapena amayi akukalipira ana, ingopirirani.

Ambiri mwakhala mukufunsa za ntchito yomwe ndinapeza ku Cape Town nditamaliza digiri yoyamba yolemba mapulani a nyumba. Musaganize kuti ndine bwana. Mlendo mu ofesi sapatsidwa nyumba yonse. Amakupatsa zimbudzi, masitepe ndi mndandanda wa zitseko, uzijambula pa Revit, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani, mpaka maso kuwawa. Komanso ku South Africa sungadzitche architect, katswiri wolemba mapulani a nyumba, usanalembetse ku SACAP, bungwe loyang'anira akatswiriwa, ndiye panopa ndine wothandizira chabe. Chimene chimanditsitsimula ndi kupita ku saiti. Tsiku lina ndikuyeza khoma ndinangomva kumbuyo wina akukuwa, "Aise, bweretsa matope kuno!" Amisiri awiri, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhotakota. Nditawapatsa moni wakwathu anaseka mpaka kusiya ntchito, ndipo kuyambira pamenepo nkhomaliro timadyera limodzi. Zambiri za mmene khoma limaimira ndaphunzira kwa iwowo.

Mzinda wa Cape Town unaona zakuda mu 2018, madamu atatsala pang'ono kuuma, munthu aliyense akuloledwa malita 50 okha patsiku. Mpaka lero womangitsa nyumba amafunsa msanga kuti thanki ya madzi a mvula ikhala pati. Lamulo nalo, SANS 10400-XA, limafuna kuti uonetse ndi masamu kuti mawindo ndi denga lako sizidzachititsa eni nyumba kuwononga magetsi. Mawindo aakulu timawalozetsa kumpoto kuti dzuwa la mu Juni lizilowa m'nyumba, poti kumeneko nyengo yozizira ndi yomwenso imagwa mvula. Koma chomwe chinandisokoneza mutu ndi ichi: anthu a ndalama amalipira zambiri kuti amangiridwe khoma la dothi lotsendera. Dothi! Lomwe lija agogo ankamangira, n'kuzira pansi, khonde kuzungulira nyumba yonse.

Tsono bwerani kuno kwathu mu Okutobala. Malata opanda siling'i, tiziwindo tiwiri, masana nyumba ili ngati ng'anjo, usiku banja lonse layala mphasa panja, udzudzu ukuchita phwando. Njerwa zake zowotcha, zomwe uvuni umodzi umadya mitengo yosaneneka. Boma linaletsa njerwazi pa zomanga zake kudzera m'malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, koma munthu wamba ukamuuza za mabuloko a simenti amangokufunsa mtengo wa thumba limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine sindili m'gulu la anthu ouza ena kuti abwerere ku udzu. Udzu umadontha, umapsa, umafuna kufolera pafupipafupi, ndipo amene amautamanda kwambiri amagona m'nyumba za malata. Chofunika kutengera kwa agogo ndi nzeru yake: mthunzi pakhoma, dothi lochedwa kutentha, mphepo yolowera uku n'kutulukira uko. Francis Kéré, katswiri wolemba mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso, anachita zomwezo pa sukulu ya m'mudzi wakwawo wa Gando mu 2001: makoma a dothi, malata atakwezedwa m'mwamba kuti mpweya wotentha uzithawa. Mu 2022 analandira Pritzker, mphotho yaikulu ya olemba mapulani a nyumba, ndipo anali woyamba wa mu Africa kuilandira. Ndipo simufunika ndege kuti muone zotere. Pitani pa chipatala cha Kasungu, kuli nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera zomwe bungwe la MASS Design Group linalemba mapulani ake, zomangidwa ndi njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, zosawotcha.

Ndiye bambo andipatsa ntchito yanga yoyamba yeniyeni: pulani ya nyumba yawo yopumiramo. Iwo akufuna "ya ku Joni", magalasi aakulu kumaso, denga lobisika kuseri kwa khoma. Vuto n'lakuti kumaso kwa puloti ndi kumadzulo. Ndawauza kuti, "Bambo, galasi limenelo ikamakwana 3 koloko mudzathawa pa balaza panu." Ndawajambulira khonde lalikulu mbali imeneyo, mawindo oyang'anizana kuti kamphepo ka kunyanja kazidutsa, mpata pansi pa malata wotchinga ndi sefa kuti mileme isalowe. Khonde alivomera. Mpata uja akuti aganize kaye. Za njerwa zosawotcha ndiye akanitsitsa, akuti anzawo a kutchalitchi adzati mwana anapita kunja n'kubwera kudzawamangira zidina. Mawa ndikupita nawo ku Kasungu akadzionere okha, mafuta a galimoto ndalonjeza kugula ine.

Sabata yamawa tikamba za mapepala ogwirira ntchito ndi lendi ya ku Cape Town, poti mafunso anu achuluka pamenepo. Tsalani bwino.